Funsani Malume: Mwana akuti akupita ku mishoni, nanga m'kachisi muja mumachitika zotani?

Mwezi uno foni yanga yadzadza ndi nkhani imodzi yokha, ya mpingo uja wa anyamata oyenda awiriawiri atavala shati yoyera, tayi ndi kabaji kakuda pachifuwa. Ambiri timangoti a Mormon koma dzina lawo lenileni ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza. Ndineneretu, ine sindipemphera kumeneko, nde wina asati Malume ayamba kukopa anthu, komanso amene mukudikira kuti ndiwatukwane mudikira mpaka kalekale. Mayina ndachotsa ngati nthawi zonse.

FUNSO: Malume, ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu, bambo a anawa anatisiya kalekale. Mwana wanga woyamba atalemba Fomu 4 ndinamutumiza kwa achimwene anga ku Lilongwe kuti mwina apezeko kaganyu, nde kumeneko wakalowa mpingo wa a Mormon, pano wabwera akuti amayi ndikufuna kupita ku mishoni kunja zaka ziwiri. Ndamufunsa azikakulipira zingati, akuti salipira. Dziko lake liti, akuti sakudziwa. Zoona izi Malume? Si kugulitsidwa kumeneku? Anzanga pamsika akuti ndisavute, akakafika ku America tilemera. Ine mutu waima. Ndimulole?
Mayi wa pa Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Mayi, mantha anuwo musachite nawo manyazi. Tonse tinamva za atsikana athu amene analonjezedwa ntchito ku Oman n'kukapezeka atalandidwa mapasipoti m'nyumba za anthu, nde mwana akati ndikupita kunja koma sindikudziwa kuti, kholo lililonse mtima uyenera kugunda. Koma pa mayankho awiri aja mwana wanu sananame, ndi mmene mpingo umenewu umachitira.

Zimayenda chonchi. Mnyamata amayamba wacheza ndi bishopu wake kapena pulezidenti wa nthambi yomwe amapemphera, kenako ndi mtsogoleri wamkulu wa dera lonse, amakayezetsa thupi ndi mano kuchipatala, mafomu onse n'kupita ku likulu lawo ku Salt Lake City, m'boma la Utah ku America. Kumeneko mmodzi mwa atumwi awo khumi ndi awiri ndi amene amasankha kopita, kenako kumabwera kalata yosainidwa ndi pulezidenti wa mpingo wonse yonena dzina la mishoni, chilankhulo chomwe azikaphunzitsira ndi tsiku loyamba. Kalatayo isanabwere olo bishopu amene sadziwa. Mu 2012 anatsitsa zaka, anyamata kuyambira 18 pomwe kale zinali 19, atsikana 19 pomwe kale zinali 21. Anyamata amakhala miyezi 24, atsikana 18.

Tsopano za America zija, anzanu a pamsikawo awuzeni ayiwale. Achinyamata ambiri ochokera kuno ku Africa amatumizidwa mu Africa momwemuno, atha kukapezeka ku Zambia, Zimbabwe, Uganda, Ghana, mwinanso m'Malawi mommuno koma mzinda wina. Ndipo olo zitachitika kuti waponyedwa ku England, viza yake ndi ya ntchito ya mpingo basi, saloledwa kugwira ganyu iliyonse yolandira ndalama, nthawi ikatha amakwezedwa ndege kubwerera kwawo. Nde musayembekeze meseji ya Mukuru kumapeto a mwezi, sibwera. M'malo mwake mwanayo ndi banja lake ndi amene amapemphedwa kusonkhako zomwe angathe, zotsalazo zimachokera ku thumba lomwe mamembala amaponyamo. Tikiti ya ndege, nyumba yogona ndi kandalama ka chakudya amaona ndi a mishoni. Koma pasipoti, kuchipatala kuja, mashati, nsapato zolimba ndi sutukesi, zimenezi mukafunse bwinobwino kuti alipira ndani, chifukwa pa mtengo wa thumba la mbatatesi lero si zinthu zongoti tiona.

Moyo wake kumeneko si wa holide. Amayamba ndi masabata angapo pa sukulu yophunzitsira amishonale, kuno ku Africa yodziwika kwambiri ili ku Accra ku Ghana, yaikulu kuposa zonse ili ku Provo, ku Utah komwe kuja. Akatero amapatsidwa mnzake woyenda naye, ndipo awiriwo sasiyana usana ndi usiku, kupatula kubafa. Kudzuka 6:30 mmawa, kuwerenga malemba, kenako tsiku lonse kuyenda m'makomo, dzuwa kaya mvula, ena kuwalandira ena kuwathamangitsa ndi agalu. Chibwenzi ayi, mafilimu ayi, mpira wa pa TV ayi. Pakatha pafupifupi masabata asanu ndi limodzi atha kusinthidwa dera kapena mnzake woyenda naye. Pamwamba pawo pamakhala pulezidenti wa mishoni ndi akazi awo, amene amayang'anira umoyo wawo, ndipo nambala ya ofesi imeneyo inu mukuyenera kukhala nayo. Tsiku limodzi pa sabata, kawirikawiri Lolemba, ndi lochapa ndi kugula zinthu, ndipo kuyambira February 2019 amaloledwa kuyimba foni kapena vidiyo kwa makolo tsiku limenelo. Kale zinali kawiri pachaka basi, pa Khirisimasi ndi tsiku la anakubala, nde inu mwapezako mwayi.

Chomwe ine chimandilemera kwambiri, ndipo anyamata okhudzika mtimawa sakonda kuchinena, ndi maliro. Mmishonale kawirikawiri sabwera kumudzi olo kutagwa zovuta. Agogo ake atamwalira chaka chamawa iye adzamva pafoni, sadzaponya nawo dothi, pa kumeta sadzakhalapo. Kwa azungu mwina n'zopiririka, kwa ife a ku Ntcheu mukudziwa nokha mmene abale amayankhulira za munthu amene sanaoneke pamaliro, amakukumbutsa mpaka udzakalambe. Nde nkhani imeneyi ikambidwe poyera iye asananyamuke, pamaso pa mwini mbumba, kuti mawa wina asadzati mwanayu mpingo unamuchotsa umunthu. Chachiwiri ndi manja. Zaka ziwiri ndi mbatatesi za dzinja ziwiri, za kudimba ziwiri, ndipo amene amasenza matumba kupita nawo pamsewu ndi iyeyo. Mufunseni mosapsatira kuti wakonza zotani pa azing'ono ake atatuwo. Ngati ali ndi malo ku koleji kapena ku sukulu ya ntchito zamanja ayambe wakafunsa ngati angamusungire, asangosiya.

Phindu lake lilipo, sindingabise. Amene abwerako ambiri Chingerezi chimakhala chitawongoka, ena amabwera ndi Chifalansa kapena Chipwitikizi, amadziwa kusunga nthawi ndi kuyankhula pagulu mopanda mantha, ndipo mpingowu uli ndi maphunziro a pa intaneti otchedwa BYU-Pathway omwe amatsitsa mtengo kwa ophunzira a mayiko osauka. Koma imeneyo si kalata ya ntchito, akabwerako adzayamba kusaka ngati wina aliyense.

Mundifunsa kuti mumulole? Ngati wakwana 18 simungamumange chingwe, ndipo mukakana mwaukali mudzangotaya mwana. Paja ifenso chikhristu tinachilandira kwa ana a eni ake amene anasiya amayi awo akulira, ansembe aja anafika ku Mua mu 1902, ngakhale William Koyi, Mxhosa wa ku Lovedale amene anabwera mu 1876 n'kukalalikira Angoni a kumpoto mpaka kufera komweko. Chomwe ndingakuuzeni, kwerani minibasi mupite ku Lilongwe ndi achimwene anuwo, mukakhale pansi ndi bishopu wakeyo maso ndi maso, pa tchalitchi pawo osati pa depoti. Kalata ikabwera muione ndi maso anu, pasipoti muijambulitse fotokope musunge. Ndipo wina akangoti tumizani ndalama ya viza pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala yakutiyakuti kuti zifulumire, ameneyo ndi wakuba, si mishoni imeneyo.

FUNSO: Malume, achemwali anga anakwatiwa ku Harare, akuti a Mormon amanga kachisi watsopano wokongola koopsa ndipo anthu wamba anaitanidwa kukaona mkati, iwo anapita. Koma pa gulu lathu la WhatsApp la kumudzi kukuyenda voisi yoti m'makachisi amenewa muli zipinda zapansi zomwe amamweramo magazi, n'chifukwa chake akatsegulira amatseka osalola munthu. Achemwali angawo atengako tsoka?
Bambo wa pa Dedza boma

YANKHO: Achimwene, achemwali anuwo atengako zithunzi za panja ndi mapazi otopa basi. Voisi imeneyo ifufuteni, ndipo amene anaitumizayo mumufunse ngati waiwala 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena. Nkhani za magazi kuno kwathu si zosewera nazo, zimathera pa mtembo wa munthu.

Anthuwa ali ndi nyumba za mitundu iwiri. Pali tchalitchi wamba momwe amapemphera Lamulungu, muli mabenchi, nyimbo, mgonero wa buledi ndi madzi, ndipo aliyense atha kulowa olo inuyo mawa. Kenako pali kachisi, yemwe Lamulungu amakhala wotseka, ndi wa miyambo yapadera yokha. Zili ngati pabalaza ndi kuchipinda, mlendo mumamulandira pabalaza koma kuchipinda salowa, ndipo sizitanthauza kuti mwabisamo mtembo. Kachisi akamalizidwa amatsegulira anthu onse kwa masiku angapo kapena masabata, ulere, mafumu, atolankhani, abusa a mipingo ina, ana asukulu, amakuvekani timapepala kunsapato kuti kapeti isade n'kukuyendetsani chipinda ndi chipinda. Akadzampatulira ndi pemphero ndi pomwe amayamba kulowa mamembala okha, ndipo si membala aliyense, koma amene ali ndi kakhadi kachilolezo komwe amapatsidwa atafunsidwa ndi atsogoleri awiri ngati akupereka chakhumi, sakumwa mowa, sakuyenda njira zachiwerewere ndi zina zotero. Kakhadiko kamatha pakapita zaka ziwiri.

Mkatimo muli chidziwe chobatiziramo chokhazikika pa ziboliboli za ng'ombe khumi ndi ziwiri, anatengera za kachisi wa Solomo, werengani 1 Mafumu 7:25. M'makachisi ambiri chidziwecho chimakhala chipinda cha m'munsi, mwina ndi pomwe panachokera nkhani ya zipinda zapansiyo. Muli zipinda zophunziriramo momwe amachita malonjezo kwa Mulungu, zipinda zomangira maukwati zokhala ndi guwa pakati, ndi chipinda china chowala chongokhalamo chete n'kumapemphera. Onse amavala zoyera. Nyama saphamo, nsembe yamagazi kulibe. Zoona, pali mawu ndi zizindikiro zina za mwambowo zomwe amalonjeza kuti sakamba kunja, ndipo amene adutsamo amavala kabudula ndi malaya oyera amkati moyo wawo wonse ngati chikumbutso. Kubisako ndi komwe kumabala mphekesera, pamenepo nawonso avomereze.

Ngati mukufuna kutsutsana nawo, nkhani zenizeni zilipo zambiri, simukusowa kupeka. Mpingowu anauyambitsa Joseph Smith mu 1830 ku New York, ndipo pambali pa Baibulo ali ndi Buku la Mormon lomwe amalitenga ngati malemba. Amati Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi atatu osiyana ogwirizana cholinga, zomwe a CCAP, Akatolika ndi ena ambiri sagwirizana nazo, mpaka mu 2001 Vatican inanena kuti ubatizo wawo siuwerengera. Mitala anaichitapo m'zaka zoyambirira, anailetsa mu 1890, lero ukakwatira awiri amakuchotsa. Ndipo ife akuda tili ndi funso lathu lalikulu, chifukwa mpaka June 1978 munthu wakuda sankaloledwa unsembe kapena miyambo ya m'kachisi, anadzasintha nthawi ya pulezidenti wawo Spencer W. Kimball. Anyamata aja akagogoda pakhomo panu afunseni zimenezi, apatseni mpando, muone ayankha bwanji. Ine ndimaona kuti funso la 1978 ndi lolemera kuposa voisi zonse za pa gulu lanulo.

FUNSO: Malume, mdzukulu wanga amene analowa mpingo umenewu wabwera ndi kope, akufuna ndimuuze mayina a makolo athu onse amene anamwalira, akuti akawabatizire ku kachisi. Amuna anga anagona ali Mkatolika wa ku Bembeke, misa yawo inachitika. Akufuna akawadzutse? Ndakana kaye.
Agogo a ku Bembeke, kudzera mwa mwana wawo

YANKHO: Agogo, kumanda sakhudzako, chiliza sagwira, dothi satapa. Chomwe chimachitika n'choti munthu wamoyo, mwina mdzukulu wanuyo, amalowa m'chidziwe chija n'kumizidwa m'madzi potchula dzina la malemuyo. Amatengera 1 Akorinto 15:29 pomwe Paulo anatchula za obatizidwa chifukwa cha akufa, ngakhale mipingo ina vesi imeneyi imaimva mosiyana. Chikhulupiriro chawo n'choti womwalirayo komwe aliko ali ndi ufulu kulandira kapena kukana, samuwerengera ngati membala.

Koma ufulu muli nawo ndi inunso. Lamulo la mpingo wawo womwewo limati ngati malemuyo si wa mibadwo yakalekale, pafunika chilolezo cha wachibale wapafupi amene ali moyo, ndipo woyamba pa mndandandawo ndi mkazi kapena mwamuna wa malemuyo. Nde pa amuna anu mukati ayi, ndi ayi, mdzukuluyo akuyenera kumvera ndipo akachita makani akafunse bishopu wake.

Kope lija lokha musalithamangitse. Ndi angati mwa ana a masiku ano angatchule agogo a agogo awo, chiwongo chawo, mudzi womwe anachokera asanadzakhale pomwe mulipo? Mukadzagona inu zonsezo zapita. Muuzeni alembe, akope kawiri, lina lisale m'nyumba mwanu, koma mugwirizane kuti mayina ati asapite nawo ku kachisi.

FUNSO: Malume ndili pa chibwenzi ndi mnyamata amene anabwerako ku mishoni chaka chatha, ndi waulemu, samwa, ndimamukonda. Ine ndinabatizidwa mu mpingo wawo miyezi inayi yapitayo. Akuti ukwati wathu ukamangidwe ku kachisi kunja kwa dziko koma ndamva kuti mayi anga ndi ankhoswe sangalowe. Mayi akuti ngati ndi choncho iwo alibe mwana. Ndikulira daily.
Mtsikana wa kwa Njolomole

YANKHO: Mphwanga, pukuta misozi, nkhani yakoyi ili ndi njira ndipo mnyamata wakoyo akuyenera kuti akuidziwa. N'zoona kuti m'chipinda chomangira ukwati m'kachisi mumalowa okhawo a kakhadi kaja, mayi ako olo atavala chitenje chatsopano adzadikira panja. Kwa iwo mwambo umenewo ndi waukulu chifukwa amakhulupirira kuti banja lomangidwa mmenemo silitha ndi imfa, ana omwe. Koma palibe chokuletsani kuyamba ndi zakumudzi. Chinkhoswe chichitike, ankhoswe a mbali zonse agwirane chanza, mukalembetse ukwati mwalamulo, anthu adye, avine, apereke perekaniperekani mpaka usiku, mayi ako alulutire mpaka mawu atha. Kale m'mayiko ena amene ayamba ndi ukwati wakunja ankadikira chaka asanapite ku kachisi, koma lamulo limenelo linachotsedwa mu May 2019. Ndiponso iweyo pokhala wangobatizidwa kumene ukuyenera kudikira chaka chathunthu usanalandire miyambo ikuluikulu ya m'kachisi, nde kuthamanga kwake n'kwa chiyani?

Ulendo wakenso si wapafupi, Malawi alibe kachisi. Kwa zaka zambiri mamembala a kuno akhala akupita ku Johannesburg, komwe kuli kachisi woyamba mu Africa yense, wa 1985. Ukaganiza basi yodutsa Tete, Nyamapanda, Harare, kukagona pamzere pa Beitbridge, ena ndi ana kumsana, uona chifukwa chomwe wa ku Harare akuwasangalatsa chonchi, ulendo wafupika kwambiri, ndipo ife a kuno tili ndi chipata chathu pa Dedza cholowera ku Angonia mpaka ku Tete. Mpingowu uli ndi thumba lothandiza amene akupita koyamba kuchokera kutali, koma mapasipoti awiri ndi kamba wa panjira muyambiretu kusunga.

Mawu awiri owonjezera. Mnyamatayo apite yekha ndi ankhoswe ake akafotokozere mayi ako mwaulemu, asakutume iwe. Akakana zakumudzi n'kumati kachisi yekha basi, pamenepo vuto si mpingo, vuto ndi iyeyo, ndipo uganize kawiri. Komanso dzifunse wekha usiku uli phee ngati unabatizidwa chifukwa wakhulupirira kapena chifukwa cha tayi yake ija, poti chakhumi, kusala kudya Lamulungu loyamba la mwezi ndi maudindo a mumpingo uzidzachita ndi iweyo zaka zonse, chikondi chitazizirako.

FUNSO: Malume ine za chipembedzo ayi, ndimasintha ndalama pa boda ya Dedza. Ndamva kuti kachisi akabwera pamalo pamakhala ntchito ndi bizinesi. Kodi kuno abwera liti? Wina akuti akudziwa malo omwe adzamange ku Lilongwe, akugulitsa mapuloti pafupi.
Mnyamata wa pa boda

YANKHO: Kkkkk aise, wamapulotiyo umuthawe ngati mmene umathawira ma metikashi abodza. Malo omanga kachisi amalengeza ndi utsogoleri wa ku Salt Lake City wokha, kwa zaka zambiri zinkamveka pa msonkhano wawo waukulu wa April ndi October, ndipo olo alengeze sikuti mawa afika ndi simenti. Wa ku Harare anamulengeza mu April 2016, khasu loyamba linalowa pansi mu December 2020, nde werengera wekha. Ku Mozambique analengeza wa ku Beira mu 2021 ndi wa ku Maputo mu 2024. Ena omwe anatsegulidwa kale ndi Accra 2004, Aba ku Nigeria 2005, Kinshasa 2019, Durban 2020, Nairobi ndi Abidjan 2025. Amayang'ana komwe mamembala achuluka ndipo mipingo yakhazikika, pomwe kuno siteki yoyamba, kutanthauza gulu la mipingo ingapo pansi pa mtsogoleri mmodzi, inakhazikitsidwa ku Lilongwe mu 2020 momwemu.

Za ntchito usadzinamize. Nthawi yomanga inde, amisiri, ma welda, oyendetsa malole amapezapo kenakake kudzera ku makontilakita, koma ikatha yatha. Amene amatumikira mkati mwa kachisi ndi mamembala ongodzipereka, salandira, ngati mmene bishopu wawonso salandirira malipiro, amakhala ndi ntchito yake ina mkati mwa sabata. Olembedwa ntchito ndi ochepa, alonda, osamalira maluwa, okonza magetsi ndi mapaipi. Alendo amabwera ndithu, m'magulu, nthawi zina basi yathunthu kuchokera dziko lina, koma ku makachisi ngati wa ku Johannesburg kuli nyumba zogona za mpingo womwewo, ndipo ndi anthu osamwa, osasuta, obwera ndi ndalama zowerengeka. Wa bala sangapindule, wa chipisi ndi wa thekisi mwina. Chomwe oyandikana nawo amapeza kwambiri ndi malo aukhondo, kapinga wodulidwa, magetsi owala usiku ndi mabasi oima pageti Loweruka.

Iweyo phindu lako lili pomwe ulipo. Anthu akayamba kudutsa pa Dedza kupita ku Harare adzafuna ma metikashi a panjira ndi madola, uwasinthire mwachilungamo adzauzana okhaokha.

FUNSO: Mlamu wanga wa mpingo umenewu akubwera kudzacheza, akuti samwa tiyi. Nde ndimupatse chani mmawa? Thobwa amamwa?
Mayi wa ku Linthipe

YANKHO: Lamulo lawo la zaumoyo, la 1833, limaletsa mowa, fodya, khofi ndi tiyi wa masamba, olo muthire mkaka wambiri bwanji. Milo, koko, mkaka wowiritsa, madzi otentha a mandimu, phala, zonsezi amamwa bwinobwino, Fanta ndi Sobo ndi zomwezo. Thobwa watsiku lomwelo kapena wadzulo, wotsekemera uja, palibe vuto. Koma ngati ndi uja wagona masiku angapo wayamba kuluma lilime ndi kuchita thovu, ameneyo apatseni bambo a kunyumba, mlamuyo mumuphikire phala la mgaiwa lothira nsinjiro.